Kodi alendo a pa webusaiti yanga amapita kuti, ndipo amakhaladi nthawi yaitali bwanji?

Funso

Ndimayang'anira webusaiti ya bungwe lomwe limaphunzitsa anthu maluso osiyanasiyana. Pa webusaitiyi pali nkhani zomwe timalemba, masamba ofotokoza maphunziro athu, komanso fomu yolembetsera. Ndinaikapo Google Analytics, pulogalamu yowerenga alendo a pa webusaiti, koma zomwe ikundionetsa zandiimika mutu. Nkhani yomwe ndinaikhalira pansi sabata yathunthu, akuti anthu amakhalapo masekondi pafupifupi 50 okha, pomwe pa fomu amakhalapo mphindi zingapo. Abwana anga akuti tisiye zolemba nkhani poti palibe amaziwerenga. Kodi nthawi imeneyi ndi yoona? Nanga ndingadziwe bwanji komwe anthu amalowera, komwe amapita ndi pomwe amatulukira?

Mayi wina, wowerenga

Yankho

Zikomo mayi pofunsa. Musafulumire kuvomera zosiya nkhanizo, ndipo musafulumirenso kukondwa ndi mphindi zomwe anthu akutha pa fomu. N'kutheka ndithu kuti manambala awiriwa akunena zotsutsana ndi zomwe inu ndi abwana anu mwamva: kuti nkhaniyo ili ndi anthu ake oiwerenga mpaka kumapeto, ndipo fomuyo ndi imene ikuzunza anthu.

Choyamba dziwani kuti palibe pulogalamu yomwe imaona munthu akuwerenga. Palibe wotchi yomwe imayamba kuyenda maso akagwera pa chiganizo choyamba n'kuima akafika pa chomaliza. Zomwe pulogalamu imaona ndi mapazi basi. Pamene munkaika Google Analytics, chomwe munachita n'kulowetsa kachidutswa ka pulogalamu, kolembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa JavaScript, m'tsamba lililonse. Munthu akatsegula tsamba, browser yake, pulogalamu yomwe amatsegulira mawebusaiti, imayendetsa kachidutswako, ndipo iko kamatumiza uthenga waufupi ku maseva, omwe ndi makompyuta akuluakulu a Google, wonena kuti tsamba lakuti latsegulidwa nthawi yakuti, pa foni kapena pa kompyuta, ndipo mlendoyu wachokera kwakuti. Pofuna kuti mauthenga a munthu mmodzi asasakanikirane ndi a anzake, browser imapatsidwa nambala yake yomwe imasungidwa mu cookie, kafayilo kakang'ono kokhala pa foni kapena pa kompyuta ya mlendoyo. Njira ya cookie imeneyi ndi yakale ndithu, anaiyambitsa ndi Lou Montulli wa kampani ya Netscape mu 1994. Mauthenga okhala ndi nambala imodzi amamangidwa pamodzi kukhala ulendo umodzi, womwe m'malipoti amaulemba kuti session, ndipo mlendo akakhala chete mphindi 30 ulendowo umatsekedwa. Akadzadinanso kanthu pambuyo pake, umenewo ndi ulendo wina. Zonse zomwe mumaona m'malipoti aja, mizere yokwera ndi yotsika, mivi yoloza uku ndi uku, n'zowerengetsera kuchokera pa timauthenga timeneti.

Kwa zaka zambiri nthawi ya pa tsamba inkapezeka pochotsera. Tiyerekeze kuti mlendo watsegula tsamba loyamba la webusaiti yanu nthawi ili 10:00, wapita pa tsamba la maphunziro 10:01, kenako watsegula nkhani yanu ija 10:04. Waiwerenga modekha kwa mphindi 9, yamufika pamtima, watseka foni n'kupita ku ntchito zake. Pulogalamu ikachotsera imapeza kuti pa tsamba loyamba anakhala mphindi imodzi, pa maphunziro mphindi zitatu. Nanga pa nkhani? Palibe phazi lina lotsatira loti ichotserepo, choncho tsamba lomwe munthuyu analipatsa mtima wake wonse silipeza ngakhale sekondi imodzi. Ndipo akakhala kuti analowera pa nkhani pomwepo, n'kutulukira pomwepo, ulendo wake wonse unkalembedwa kuti watha masekondi 0, n'kumuika m'gulu la anthu ongogunda khomo n'kubwerera, chomwe amachitcha bounce. Google Analytics yakale, yotchedwa Universal Analytics, inkagwira ntchito motero mpaka pamene inasiya kulandira mauthenga pa 1 July 2023. Mapulogalamu owerenga kaundula wa seva, monga AWStats, amachotserabe choncho, chifukwa seva imangodziwa nthawi yomwe tsamba lapemphedwa, sidziwa nthawi yomwe latsekedwa. Matomo, pulogalamu ina yowerenga alendo, nayo imalipatsa ziro tsamba lomaliza pokhapokha mutayatsa nokha chomwe amachitcha heartbeat, timauthenga tobwerezabwereza tonena kuti mlendo akadalipo.

Kuchotsera kumeneku kumalakwitsanso mbali inayo. Munthu watsegula tsamba, wina wamuitana, wakacheza mphindi 20, wabwerera n'kudina linki. Pulogalamu imalemba kuti tsambalo lawerengedwa mphindi 20.

Inu mukugwiritsa ntchito Google Analytics 4, yomwe inatuluka mu October 2020, ndipo iyi inakonzako zinthu. Imawerenga nthawi yomwe tsamba lili patsogolo pa sikirini, osati litakankhidwira kuseri. Browser ili ndi njira yodziwitsa tsamba kuti tsopano ukuoneka, tsopano wabisika, ndipo munthu akamachoka kachidutswa kaja kamatumiza uthenga wotsanzika wonena masekondi omwe adutsa. Nthawi imeneyi amailemba kuti engagement time. N'chinthu chabwinopo kwambiri kuposa chakale, koma nachonso si maso. Tsamba likhoza kukhala patsogolo foni ili patebulo mwini wake akuyang'ana kwina. Uthenga wotsanzika uja ukhozanso kutayika panjira, makamaka pa foni, pomwe netiweki imadukaduka ndipo browser imatha kutsekedwa mwadzidzidzi. Tanthauzo la bounce nalo linasintha. Lero ulendo umatengedwa kuti ndi waphindu ngati wapitirira masekondi 10, kapena mlendo watsegula masamba awiri kapena kuposerapo, kapena wachita chinthu chomwe inu munachiika chizindikiro kuti n'chofunika. Maulendo otsalawo ndiwo bounce. N'chifukwa chake munthu akamayerekezera manambala a chaka cha 2022 ndi a lero amakhala akuyerekezera zinthu zoyezedwa ndi miyezo iwiri yosiyana, ngakhale dzina lili limodzi.

Tsono vuto lenileni la masekondi 50 anu, monga ndikuonera, ndi avareji. Avareji ndi nambala yomwe imabisa zambiri kuposa zomwe imaulula, ndipo pa nkhani ya nthawi ya pa tsamba imabisa moipa. Tiyerekeze kuti anthu 100 atsegula nkhani yanu. Mwa iwo, 85 angoponya diso masekondi 4 n'kuona kuti si zomwe amafuna, kapena anadina mwangozi chala chikutsetsereka pa Facebook. Otsala 15 akhala pansi n'kuwerenga mphindi zisanu aliyense. Oyamba aja onse pamodzi atha masekondi 340, achiwiriwa masekondi 4,500. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 100 mupeza masekondi 48. Onani bwino: pa anthu 100 onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala masekondi 48. Nambala ija ikufotokoza munthu yemwe kulibe. Abwana akaiona akuti anthu amawerenga ndime imodzi n'kuthawa, pomwe zoona zake n'zakuti pali magulu awiri, odutsa ndi owerenga, ndipo funso loyenera ndi lakuti owerengawo ndi angati, achokera kuti, ndipo akatha kuwerenga amachita chiyani.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo pa intaneti mawuwa ndi oona kotheratu. Odutsa adzakhalapo nthawi zonse pa webusaiti iliyonse. Iwowa asakudetseni nkhawa kwambiri. Mtima wanu ukhale pa 15 aja.

Mungawawerenge bwanji? Yambani ndi wotchi yanu. Werengani nkhaniyo nokha pa foni, mwa liwiro lomwe munthu wamba angawerengere, ndipo lembani nthawi yomwe yakutengerani. Musadalire zoti munthu amawerenga mawu akutiakuti pa mphindi, chifukwa ziwerengero zotere zambiri n'za Chingerezi, ndipo mawu a zinenero zina ndi aatali mosiyana. Mukadziwa kuti nkhaniyo imafuna mphindi zisanu, muli ndi muyezo. Kenako muphunzitse pulogalamu kuona zinthu ziwiri. China ndi kutsika kwa munthu m'tsamba. Google Analytics 4 payokha imatumiza uthenga kamodzi kokha, munthu akafika pa 90 peresenti ya kutalika kwa tsamba, ndipo pa masamba ambiri malo amenewo ali kale kupyola nkhani, kumunsi komwe kuli ma adiresi ndi malinki ena. Kudzera mu Google Tag Manager, chida cha Google choikira zizindikiro m'masamba, mukhoza kuika zizindikiro pa 25, 50 ndi 75 peresenti, koma chomwe ine ndimakonda n'kuika chizindikiro pa ndime yomaliza yeniyeni ya nkhani, kuti ikangoonekera pa sikirini uthenga upite. Chinacho ndi nthawi: uthenga wina upite munthu akakwanitsa theka la nthawi yomwe munayeza ija. Amene wafika pa ndime yomaliza komanso wakwanitsa nthawiyo, ameneyo mutha kumutcha wowerenga ndi mtima wokhazikika. Wofika kumapeto m'masekondi 6 wangothamangitsa chala. Wokhala mphindi zinayi osatsika, mwina foni inali patebulo. Zizindikiro ziwirizi chilichonse pachokha n'chofooka, koma zikagwirizana zimanena zoona.

Nambala imeneyo, yakuti mwezi uno anthu akutiakuti awerenga nkhani mpaka kumapeto, ndi yomwe muyenera kupita nayo kwa abwana. Ndi nambala ya anthu, ndipo aliyense amaimva.

Tibwere ku fomu. Pano ndikufuna ndinene motsindika, chifukwa ndaona anthu ambiri akulakwitsa: nthawi yaitali si chinthu chabwino pachokha. Tsamba lililonse lili ndi ntchito yake. Tsamba lokhala ndi nambala ya foni ya ofesi likagwira bwino ntchito, munthu amakhalapo masekondi 8, wapeza nambala, wapita kukaimba. M'lipoti zimaoneka ngati wathawa, chonsecho mwamuthandiza kwathunthu. Fomu ntchito yake ndi yakuti munthu aidzaze msanga n'kuitumiza. Ngati fomu yofuna dzina, foni ndi maphunziro omwe wasankha ikumutengera munthu mphindi zisanu ndi imodzi, pali pomwe akukodwa. Ndinakumanapo ndi fomu ina yomwe inkakana nambala ya foni iliyonse yolembedwa ndi mipata pakati. Uthenga wofotokoza cholakwikacho unkatulukira pamwamba penipeni pa tsamba, pomwe munthu wa pa foni, ali kumunsi pa batani lotumizira, sakanauona. Anthu ankadina, kudinanso, kubwerera m'mwamba, kufufuta, kulembanso, mpaka kutopa. Eni webusaitiyo ankanyadira kuti tsamba limenelo ndi lomwe anthu amalikonda kuposa onse. Zinandipweteka, chifukwa aliyense wa anthu amenewo anali atasankha kale kulembetsa, ndipo anabwezedwa pakhomo ndi kanthu kotha kukonzedwa pa mphindi khumi.

Tsopano za njira zomwe alendo amayenda. Mu Google Analytics 4 pitani pa Explore n'kusankha Path exploration. Mudzaona mtengo wa nthambi: kuchokera tsamba ili, akuti anapita uku, akuti uku, akuti anatuluka. Ndikuchenjezeni kuti poyamba mudzakhumudwa. Mukatsata nthambi kawiri kapena katatu, zimagawanika kukhala timitsitsi tambirimbiri, kalikonse ka anthu awiri kapena atatu, ndipo simungatolepo nzeru. Ife omanga mawebusaiti timaganiza kuti mlendo amalowera pa tsamba loyamba, n'kumayenda mwadongosolo ngati momwe tinakonzera. Sizitero. Ambiri amagwera pakati, kuchokera pa Google kapena pa linki yomwe mnzawo wawatumizira, ndipo tsamba loyamba mwina saliona n'komwe. Tsamba lililonse ndi khomo. Choncho lipoti loyamba kuliyang'ana ndi la Landing page, lomwe limaonetsa makomo omwe anthu amalowera. Kenako tsegulani makomo akuluakuluwo pa foni yanu ngati munthu wosadziwa chilichonse za bungwe lanu, n'kudzifunsa ngati mungadziwe komwe muli ndi komwe mungapite.

Njira yomwe imandipindulira ndi yoyambira kumapeto. Mu Path exploration momwemo mukhoza kusankha pothera m'malo mwa poyambira. Ikani tsamba lothokoza lomwe munthu amaliona akatumiza fomu, ndipo muone mapazi chobwerera m'mbuyo: omwe analembetsadi anadutsa kuti? Apa nthambi zimakhala zochepa ndipo iliyonse ili ndi tanthauzo. Ngati fomu yanu ilibe tsamba lothokoza lokhala ndi adiresi yakeyake, kapena uthenga wapadera wopita ku pulogalamu fomu ikalandiridwa, konzani chimenecho musanachite china chilichonse. Popanda icho mukuyeza kuyendayenda kwa anthu osadziwa amene wafika.

Mukadziwa njira yaikulu, imangeni kukhala fanelo, ndandanda wa masitepe woonetsa pomwe anthu akulekera panjira, pogwiritsa ntchito Funnel exploration. Masitepe akhale ochepa: waona tsamba la maphunziro, watsegula fomu, wayamba kulemba, watumiza. Tiyerekeze kuti 1,000 aona maphunziro, 300 atsegula fomu, 240 ayamba kulemba, 40 atumiza. Maso ambiri amathamangira pa 700 omwe atsika poyamba, koma amenewo ambiri anali ongoona, ndipo n'zachibadwa. Bala lili pa 200 omwe anayamba kulemba ndi zala zawo n'kulekera panjira. Mukapeza malo otere, gawani manambalawo pakati pa a foni ndi a kompyuta, komanso pakati pa ma browser osiyanasiyana. Kawirikawiri mudzapeza kuti kudontha kuli mbali imodzi, ndipo pamenepo mwatsala pang'ono kugwira chomwe chikuvuta.

Kanthu kena kakang'ono koti muchite lero lomwe: pitani mu Admin, mupeze Data retention. Pulogalamuyi imayamba itaikidwa kuti izisunga tsatanetsatane wa maulendo kwa miyezi iwiri yokha, ndipo malipoti a mu Explore amadalira tsatanetsatane ameneyo. Sinthani ikhale miyezi 14. Zomwe zafufutika kale sizibwerera.

Nanga nkhani zanu zimathandiza kubweretsa olembetsa? Apa m'pomwe nkhani zimaponderezedwa popanda mlandu. Munthu sawerenga nkhani lero n'kulembetsa maphunziro nthawi yomweyo. Amawerenga pa foni Lachiwiri, amasinkhasinkha, amafunsa kunyumba, ndipo sabata yamawa amatsegula kompyuta ya kuntchito, kulemba dzina la bungwe lanu pa Google, n'kulembetsa. Kwa pulogalamu amenewa ndi anthu awiri: wina wowerenga n'kupita osachita kanthu, wina wobwera kuchokera pa Google n'kulembetsa. Ulemu wonse umapita kwa Google, nkhani n'kutsala manja ali m'khosi. Kumbukirani kuti nambala ya mlendo ija imakhala mu cookie, ndipo cookie ndi ya browser imodzi pa chipangizo chimodzi. Pomwe lipoti lalemba kuti users, muziwerenga kuti ma browser. Munthu akafufuta ma cookie kapena akatsegula zenera lachinsinsi, amabadwanso kukhala mlendo watsopano. Cookie ya Google Analytics inakonzedwa kuti izikhala zaka ziwiri, koma Safari, browser ya pa iPhone, kuyambira mu 2019 imadula moyo wa ma cookie oikidwa ndi JavaScript kufika masiku 7. Wobwerera patatha masabata awiri amaoneka ngati sanafikepo. Njira yotsekera mpata umenewu si yaukadaulo ayi. Onjezani funso limodzi losakakamiza pa fomu, lakuti "Munatidziwa bwanji?", ndipo musiye malo oti munthu alembe yekha. Mayankho ake adzakuuzani zomwe cookie singathe.

Za komwe alendo amachokera zilinso ndi msampha wake. Browser ikamatsegula tsamba lanu imanena adiresi ya webusaiti yomwe munthu wachokera, koma linki ikadinidwa mu WhatsApp, mu pulogalamu ya imelo kapena mu fayilo ya PDF, nthawi zambiri sipakhala chonena. Alendo onsewo amaponyedwa mu thumba lotchedwa Direct, ngati kuti analemba okha adiresi. Mukaona anthu ambiri a Direct akulowera pa nkhani yokhala ndi adiresi yaitali yoti palibe angailoweze pamtima, dziwani kuti nkhaniyo ikuyenda m'manja mwa anthu, akutumizirana. Umenewo ndi umboni wabwino wa nkhani zanu. Pa malinki omwe mumatumiza nokha, ikani zizindikiro kumapeto kwa adiresi, zija zoyamba ndi utm_source, utm_medium ndi utm_campaign. Chilembo cha U pamenepo chikuimira Urchin, kampani yomwe Google inagula mu 2005 n'kusandutsa pulogalamu yake kukhala Google Analytics. Zilembeni mofanana nthawi zonse, ndi zilembo zazing'ono, chifukwa "WhatsApp" ndi "whatsapp" zidzawerengedwa ngati magwero awiri. Ndipo musaziike pa malinki a mkati mwa webusaiti yanu yomwe, chifukwa zimasokoneza gwero lenileni la mlendo. Mawu omwe anthu analemba pa Google kuti akupezeni simuwapeza mu Analytics payokha, amenewo ali mu Google Search Console, yomwe ndi yaulere ndipo mutha kuilumikiza.

Musanakhulupirire nambala iliyonse, sesani m'nyumba. Inu ndi anzanu a muofesi mumatsegula webusaitiyi tsiku lililonse, ndipo pa webusaiti yaing'ono maulendo anuwo akhoza kupotoza chithunzi chonse, choncho asefeni. Onetsetsani kuti kachidutswa kaja sikanaikidwe kawiri, zomwe zimachitika wina akakaika m'tsamba, wina n'kukaikanso kudzera mu plugin, kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti, tsamba lililonse n'kumawerengedwa kawiri. Pali maroboti oyendayenda pa intaneti omwe ena amalowa m'chiwerengero, ndipo mudzawazindikira ndi gulu la maulendo a masekondi 0 ochokera malo amodzi tsiku limodzi. Palinso anthu enieni omwe simudzawaona konse: oika zotchinga zotsatsa malonda, okana ma cookie, ndi omwe anatopa kudikira n'kuchoka tsamba lisanamalize kutseguka, kachidutswa kaja kasanayambe n'komwe kugwira ntchito. Gulu lomalizali limandikhudza kwambiri, poti ndi anthu a mafoni ofooka ndi netiweki yochedwa, omwe tsamba lolemera ndi zithunzi limawatsekera kunja mwakachetechete, ndipo lipoti lililonse limakhala ngati iwo kulibe. Yesani nkhani yanu ija pa foni yakale pomwe netiweki ili yofooka, muone masekondi omwe adutse mawu oyamba asanaoneke.

Manambala amakuuzani pomwe anthu akugwa, koma chifukwa chake sanena. Pa chimenecho pali zida zina. Microsoft Clarity, yomwe ndi yaulere, ndi Hotjar zimajambula mapu oonetsa malo omwe anthu amadina kwambiri ndi pomwe amalekera kutsika, ndipo zimatha kukuonetsani ulendo wa mlendo mmodzi ngati kanema. Clarity imaikanso chizindikiro pomwe munthu wadina malo amodzi kambirimbiri mofulumira chifukwa chopsa mtima, komanso pomwe wadina chinthu chosayankha. Mutaonera maulendo 20 a anthu omwe anasiya fomu yanu panjira, ndikukhulupirira kuti simungafike pa wa nambala 10 musanaone chomwe chikuwakola.

Koma apa ndiyankhule ngati munthu, osati ngati wa zamakompyuta chabe. Kuonera ulendo wa munthu n'kusuzumira paphewa pake iye osadziwa. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Princeton anaonetsa kuti mapulogalamu ojambula maulendo otere, pa mawebusaiti ambiri otchuka, ankatumiza kwa makampani ena zinthu zomwe anthu ankalemba m'mafomu, kuphatikizapo zachinsinsi monga za matenda ndi manambala a makadi a kubanki. Ngati muika chida chotere, onetsetsani kuti zonse zolembedwa m'fomu zaphimbidwa, ndipo dziyeseni nokha polemba m'fomu n'kukaonera kanema wake. Simukufunika kudziwa dzina la munthu kuti muone kuti batani silikugwira ntchito. Onaninso kuti imelo kapena nambala ya foni ya munthu sizikulowa mu adiresi ya tsamba fomu ikatumizidwa, chifukwa zikatero zimapita ku Google Analytics, zomwe malamulo a Google eni ake amaletsa. Auzeni alendo anu m'mawu omveka zomwe mumatolera ndi chifukwa chake. Lamulo la mayiko a mu European Union lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, linapangitsa nkhaniyi kukhala yaikulu padziko lonse, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo awo oteteza zokhudza anthu, choncho werengani la komwe muli ndi la komwe alendo anu ali. Ngati zomwe mukufuna ndi ziwerengero chabe, pali zida monga Plausible zomwe sizigwiritsa ntchito ma cookie, ndipo Matomo mutha kuiika pa seva yanu kuti zonse zikhale m'manja mwanu. Ine ndimatolera zokhazo zomwe ndili ndi funso loti ziyankhe.

Chida chomwe ndimachilemekeza kuposa zonsezi si pulogalamu ya kompyuta ayi. Pezani anthu asanu omwe sanaonepo webusaiti yanu. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analimbikitsa kalekale kuti anthu asanu ndi okwanira kuulula mavuto ambiri akuluakulu. Mpatseni aliyense foni n'kumuuza kuti, "Pezani maphunziro omwe angakuyenereni ndipo mulembetse." Kenako khalani chete. Kukhala cheteko ndiye kovuta, chifukwa mtima umafuna kuloza kuti dinani apa. Musaloze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomwe munthu waima, wakwinya nkhope, wabwerera m'mbuyo, lembani. Masana amodzi otere adzakufotokozerani mphindi zija za pa fomu kuposa mwezi wathunthu woyang'ana mizere.

Kwa abwana, pemphani miyezi iwiri musanagamule za nkhani. M'miyezi imeneyo werengani omwe akufika pa ndime yomaliza atakhala nthawi yokwanira, onani ndi angati mwa iwo akupita pa tsamba la maphunziro, ndipo sonkhanitsani mayankho a funso lija la pa fomu. Ngati alendo anu ndi ochepa, musagamule ndi manambala a sabata imodzi, chifukwa anthu 30 akhoza kukwera kapena kutsika popanda chifukwa chilichonse. Zikadzapezeka kuti nkhani zina palibedi amazimaliza, vomerezani, ndipo muone ngati vuto lili pa mutu wolonjeza zomwe nkhani sikupereka, kapena pa ndime zoyamba zozungulira. Koma musanayambe kuwerenga chilichonse, tsegulani nkhani yanu ija, mutsike mpaka pa chiganizo chomaliza, muone chomwe chili pansi pake. Pa mawebusaiti ambiri omwe ndawayang'ana, pamenepo pamakhala popanda kanthu. Munthu wawerenga mphindi zisanu, mtima wake wakopeka, ndipo palibe linki yomuuza kuti maphunziro okhudza zomwe wawerengazi ali apa. Ngati ndi momwe zilili kwanu, ikani linkiyo lero, ndi mawu otchula maphunzirowo ndi dzina, ndipo muiike chizindikiro kuti aliyense woidina aziwerengedwa.